Injini ya bambo ako isakhale chikole cha ndale

Mwana wanga,

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni umandidula pakamwa. Ukangomva kuti ndayamba nkhaniyi umati uli pamsonkhano, uimbanso, ndipo suimba. Werenga mpaka kumapeto, ngati n'kukwiya ukwiye utamaliza.

Mlongo wako wandiuza zonse. Usamukalipire, ndachita kumupanikiza ndine. Akuti wakhala ukupita kwa munthu wa katapila kuboma ndi mapepala a boti ndi injini, ukufuna ndalama zoti olemekezeka ako aja agulire mafuta a galimoto, nsalu za amayi ndi malaya a anyamata. Akuti zikadzayenda bwino adzakubwezera kuwirikiza kawiri. Ndamvanso kuti posachedwapa anavula mtundu umene ankavala n'kuvala wina pamaso pa anthu, ng'oma zikulira, iwe uli kumbuyo kwawo utanyamula chikwama chawo. Mtima wanga sunakhale m'malo kuyambira tsiku limenelo. Ndikadya nsima ikungondiima pakhosi.

Sindikukuletsa ndale. Pakamwa uli napo, unatengera bambo ako, ndipo ukaima pa maliro kapena pa msonkhano wa kudoko anthu amakhala chete. Zimandinyaditsa, ngakhale sindinakuuzepo. Koma injini ija ayi. Injini ija ayi, mwana wanga.

Mu 2004 iwe unali kamnyamata kothamangira magalimoto a zimkuzamawu, ndiye zambiri sunazione bwino. Ife tinkamvera zokambirana za ku Nyumba ya Malamulo pa wailesi, bambo ako akusoka ukonde pakhonde. Tinavota pa 20 Meyi chaka chimenecho. Mangochi yense anali wachikasu, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Monkey Bay, ndipo a Bakili Muluzi anayenda ndi a Bingu wa Mutharika paliponse kutiuza kuti munthu wake ndi uyu. Tinamvera. A Bingu anapambana pa tikiti ya UDF. Koma m'Nyumba ya mipando 193, UDF inangopeza 49. MCP ya a John Tembo ndi imene inali ndi aphungu ambiri, ndipo oima paokha analipo pafupifupi 40, ambiri mwa iwo anthu a UDF omwewo amene anakhumudwa ndi zisankho za chipulula. Asanazolowere n'komwe mipando yawo, kusamuka kunayamba. Oima paokha anayamba kutsamira kumene kunali boma. A Gwanda Chakuamba, amene ankakana zotsatira za chisankho, patangopita masabata ochepa anagwirizana ndi boma lomwelo. Pambuyo pake anakhala nduna ya zaulimi, ndipo patangopita miyezi anachotsedwanso.

Kenaka mu Febuluwale 2005 a Bingu anatuluka mu UDF n'kuyambitsa DPP. Taganiza zimenezo. Chipani chimene chinapambana chisankho chinadzuka m'mawa chili kumbali yotsutsa, ndipo chipani chimene palibe ndi mmodzi yemwe anachivotera mu 2004 ndicho chinali boma. Aphungu anayamba kuwolokera kumeneko mmodzimmodzi, ena atapatsidwa unduna, ena akuuyembekezera. Mawu awo anali amodzi, ndipo ndikudziwa kuti olemekezeka ako aja akuuzanso omwewo: ndikufuna kugwira ntchito ndi boma lomwe lilipo kuti ndibweretse chitukuko kudera kwanga. Mawu amenewa ine ndinawamva iwe usanamere ndevu.

Sindikunena kuti onse anali anthu oipa. Ena anaonadi kuti ukakhala kotsutsa mjigo subwera, mlatho sumangidwa. Ndiponso zaka zoyambirira za a Bingu makuponi a feteleza anabwera, chimanga chinapezeka titangochoka m'njala ya 2005, ndipo amene anawatsatira anali ndi chowauza anthu. Zimenezo sindikana. Chimene ndikufuna uone n'chakuti amene ankawoloka ankawoloka okha. Sankatembenuka kuona amene anawanyamula kuti akafike pamenepo.

Amalume ako ndiwo umboni wanga. Pikapu yawo ya matola ija, imene inkakwera mapiri a Chowe tsiku ndi tsiku kupita ku Namwera, unkaikonda kwambiri moti unkalira akakusiya. Kampeni yonse ya 2004 inanyamula amayi ovina ndi anyamata a chipani, usana ndi usiku, mafuta akugula okha, matayala akugula okha, munthu wawo akuwauza kuti lembani zonse m'kope, tidzawerengerana tikapambana. Anapambanadi. Chaka chisanathe anali atasamukira kwina, ali ndi anyamata atsopano, ndipo amalume ako anali munthu wa chipani chakale, wosafunika kuonedwa naye pagulu. Anapita ku Lilongwe ndi kope lawo lija, anabwerako ndi ndalama ya basi yokha. Pikapu inafera pamiyala kuseli kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira, mpaka anaigulitsa ngati zitsulo. N'chifukwa chake anapita ku Joni ali ndi imvi, pa msinkhu umene anzawo amakhala pansi kulera adzukulu. Unkaganiza kuti anapita chifukwa chokonda ulendo? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mwina ukuti lero kuli malamulo, munthu sangangodumpha chipani. Lamulo linalipo kale nthawi imeneyo. Ndime 65 ya malamulo oyendetsera dziko imanena kuti phungu amene anasankhidwa pa tikiti ya chipani china akachisiya n'kulowa china cha m'Nyumbamo, Sipikala alengeze kuti mpando wake ulibe munthu, anthu akavotenso. Ndime imeneyo inavutitsa dziko lonse zaka zinayi. Mu Juni 2005, mkangano wa momwe angachotsere pulezidenti pa mpando uli mkati, Sipikala a Rodwell Munyenyembe anakomoka m'Nyumba momwemo, ndipo patapita masiku ochepa anamwalira ku South Africa. Ndimakumbukira bambo ako atazimitsa wailesi, osalankhula madzulo onse. A Louis Chimango analowa m'malo mwawo, moto womwewo unapitirira. Mu 2006 wachiwiri kwa pulezidenti, a Cassim Chilumpha, amene anatsalira ku UDF, anamangidwa pa mlandu woukira boma. Mu Juni 2007 khothi lalikulu la apilo linagamula kuti ndime 65 ndi yovomerezeka. Otsutsa anati Sipikala ayambe wachotsa odumpha aja, bajeti ibwere pambuyo. Boma linati bajeti kaye. Chaka cha boma chinayamba pa 1 Julaye popanda bajeti, ophunzira ndi mafumu anachita zionetsero ku Lilongwe, ndipo inadzavomerezedwa mu Sepitembala. Kuno kwathu anthu ankangofunsana ngati makuponi afika mvula isanagwe, ngati mankhwala apezeka kuchipatala, ngati aphunzitsi alandira.

Nanga odumpha aja chinawachitikira n'chiyani? Anathamangira kukhothi kukatenga ziletso, Sipikala manja ake anamangika, ndipo nthawi ya Nyumbayo inatha mu 2009 iwo adakali pamipando yawo, malipiro akulandira, maalawansi akulandira. Ife ovota tinalibe chochita, poti ndime 64, imene inkatipatsa mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe, aphungu anaifafaniza kale mu 1995. Phungu ali ndi loya, ali ndi khothi, ali ndi zaka zisanu. Iwe uli ndi chiyani? Munthu wa katapila sapita kukhothi kukadikira chigamulo. Amabwera kudoko ndi anyamata ake mwezi ukatha, amamasula injini, amapita.

Injini imeneyo bambo ako sanaitole. Unali wamng'ono koma ukukumbukira momwe ankabwerera m'mamawa kuchokera ku usipa, manja atasweka ndi zingwe za chilimira, maso ofiira ndi utsi wa nyali. Zaka zonse zija ankapalasa ndi nkhafi, mwera ukawomba ine osagona, ndikuyang'ana kunyanja. Ine ndinkayanika usipa pathandala n'kukwera nawo malole kupita ku Limbe, kugona pamatumba, kuti tiphatikize ndalama. Tsiku limene anabwera nayo anakunyamula iwe n'kukukhazika pamwamba pake, ukulira ndi mantha chifukwa cha phokoso. Chaka chimene unadwala malungo akulu aja, ndi boti lomwelo linakuthamangitsira kuchipatala usiku, msewu utaduka ndi mvula. Sindikudziwa chifukwa chake zimenezi zikundibwerera tsopano, koma zikundibwerera, ndipo misozi ikugwera papepala.

Ndipo si yako wekha. Alovi amene amakwera botilo ali ndi akazi ndi ana. Fizi ya mng'ono wako imachokera momwemo. Mpongozi wanga ndi woyembekezera, kodi wamuuza? Ndikukayika. Ukanamuuza bwenzi atabwera kuno kale akulira. Mwamuna amene amabisira mkazi wake ngongole amadziwa yekha mumtima kuti ngongoleyo si yabwino. Undiyankhe pamenepa, usandizembe.

Ndikudziwa chimene chakukopa. Ukuona kuti munthu wako walowa kumene kuli mphamvu, ndiye kugwa n'kosatheka. Mu 2009 DPP inatenga mipando yoposa 110, UDF n'kutsala ndi 17 yokha, yambiri kuno kwathu, ku Machinga ndi ku Balaka. Aliyense ankati buluu ameneyu sadzatha. A Joyce Banda atachotsedwa mu DPP mu Disembala 2010 n'kuyambitsa PP, aphungu ankawalambalala ngati sakuwadziwa. Pa 5 Epulo 2012 a Bingu anamwalira mwadzidzidzi, pa 7 Epulo mayi aja analumbira, ndipo maliro asanaiwalike aphungu ambiri a buluu anali atavala olenji. Mu 2014 PP inapeza mipando 26 yokha, boma linabwerera ku DPP, ndipo ulendo wobwerera unayambanso. UDF yathu yomwe, imene inamenyera ndime 65 mwamphamvu chotero, aphungu ake anakakhala kumbali ya boma a Atupele Muluzi atakhala nduna. Mu 2020 khothi litafafaniza chisankho cha pulezidenti, a Lazarus Chakwera analowa, mbali za m'Nyumba zinasinthanso aphungu ali omwewo. Zonsezi zachitika iwe uli ndi maso. Amati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma m'zimene ndaona ine, pusi amagwira nthambi ina, wogwa chagada amakhala amene anawerama kuti pusiyo akwerere pamsana pake.

Ndipo kumbukira kuti pa chisankho chilichonse aphungu ambiri sabwerera ku Nyumba ija. Anthu a kuno amalandira nsalu, amavina, amadya mpunga wa pamsonkhano, koma m'kachipinda kovotera amachita zawo. Munthu wako akagwa pa chipulula pomwe, poti kumene walowako kuli eni ake amene akhala akudikira mpando womwewo, adzakubwezera ndi chiyani? Akapambana n'kusamukanso, iwe udzakhala wa mtundu uti? Udzakhala ngati amalume ako, munthu wa dzulo.

Ndikupempha chinthu chimodzi, ukawafunse funso ili pamaso. Ngati akukhulupirira kuti apambana, bwanji osapereka galimoto yawo kapena nyumba yawo ngati chikole? Bwanji chikole chikhale cha mwana wamasiye wa kudoko? Ukawafunse mwaulemu, usakweze mawu, kenaka uyang'ane nkhope yawo. Akakwiya, wadziwa. Akakuuza kuti ulibe chikhulupiriro, wadziwanso. Bwenzi lenileni likanakuletsa lokha kukhudza chuma cha malemu bambo ako.

Unali mwana womvera, koma ukagwira chinthu sunkasiya, ngakhale utapsa nacho. Ndinkakumenya chifukwa cha khalidwe limeneli, ndipo ndi lomwelo linakuthandiza kuimika botilo bambo ako atatisiya, anthu akunena kuti ulimwera. Sunalimwere. Unalipenta, unagula ukonde watsopano, unandimangira khitchini ya malata. Ndimauza aliyense za iwe. Usalole kuti munthu wodutsa adye thukuta limenelo m'miyezi itatu ya kampeni.

Ngati ukufuna kuwathandiza, athandize ndi miyendo yako ndi pakamwa pako. Yenda nawo, lankhula pamisonkhano, kawerengere mavoti awo tsiku la chisankho. Akakupatsa kanthu landira, ukagulire mkazi wako zofunika kuchipatala. Koma ndalama isachoke kwa iwe kupita kwa iwo, ngakhale ya lita imodzi ya petulo. Ndipo ukaona anyamata anyamula miyala kapena zikwanje, bwerera kunyumba, chifukwa m'chitokosi amagonamo anyamata, olemekezeka amagona kwawo. Mowa wa pamisonkhano uja ndamvanso kuti wayamba kuulawa. Imeneyo tidzakambirana pamaso.

Ngati wasaina kale kanthu kwa wa katapila uja, usachite manyazi, usandibisire. Bwera nazo zonse, ndalama zimene watengazo usanapereke kwa munthu, tikabweze limodzi chiwongoladzanja chisanakule. Ndili ndi kangachepe ku banki m'khonde, ndipo mbuzi ziwiri zija ndingagulitse. Ngati sunasaine, mapepala a boti ndi injini ubwere nawo kuno ndidzasunge ine m'sutikesi ya bambo ako.

Ndikukuyembekezera Loweruka. Ubwere ndi mpongozi wanga ndi ana, usabwere ndi galimoto ya chipani. Amalume ako aang'ono adzakhalapo, ndawauza kale. Ukapanda kubwera, Lolemba ndikwera kabaza ndidzakupeze kudoko pamaso pa alovi ako.

Ndine mayi ako.