Kodi ndiwaonetse ana filimu ya nkhondo yomwe bambo awo akuikana?

Zikomo agogo,

Ndili ndi kaseti ya vidiyo ya filimu ya Red Dawn, ija ya 1984, osati yomwe anaibwereza mu 2012. Filimuyi ndimaikonda kwambiri. Ndikufuna kuipulumutsa ku chuku chomwe chayamba kuigwira, kenako ndiwaonetse ana atatu a achemwali anga, a zaka 11, 13 ndi 15. Koma alamu anga, bambo a anawo, akanitsitsa kwamtuwagalu, ndipo nkhaniyi yayamba kuziziritsa chibale.

Mwina simunaionere, ndiye ndilongosole. Anaitsogolera ndi John Milius pa nthawi ya ulamuliro wa Ronald Reagan, America ndi Soviet Union akuyang'anizana ndi diso lofiira. Nkhani yake ndi yongopeka. M'mawa wina wa mu September, asilikali a Soviet Union, Cuba ndi Nicaragua akutera ndi maparachuti kuseri kwa sukulu ya sekondale m'tauni ya Calumet ku Colorado. Mphunzitsi wa mbiri yakale akutuluka m'kalasi kuti awafunse chomwe akufuna, ndipo akumuwombera pomwepo ana akuonerera pawindo. Jed, yemwe ndi Patrick Swayze, akunyamula mng'ono wake Matt, yemwe ndi Charlie Sheen, pamodzi ndi anzawo pa galimoto ya pikiapu n'kuthawira kumapiri. Kumeneko akukhala gulu la anyamata 6 ndi atsikana 2, akudzitcha Wolverines, dzina la timu ya mpira ya pasukulu pawo, n'kuyamba kubisalira adani.

Ambiri amene tinaionera m'mavidiyo shoo, dziko lathu lisanakhale ndi wailesi yakanema yakeyake mu 1999, timakumbukira akasinja akuphulika. Ine chimene chimandigwira mtima ndi theka lachiwiri. Chisanu chikafika, anawo ayamba kutha mmodzimmodzi. Daryl, mwana wa meya wa tauniyo, adani akumumwetsa kachipangizo kolondolera komwe anzake abisala. Anzakewo atadziwa, Jed akulephera kumuwombera, manja akunjenjemera. Robert, kamnyamata komwe poyamba kanali kofatsa, ndi amene akumupha, nkhope ili gwa. Pa ana 8 aja, amene akufika kumalo otetezeka ndi awiri okha. Ndipo Colonel Bella, msilikali wa ku Cuba amene watopa ndi nkhondo, akuona Jed atanyamula mng'ono wake wovulala, mfuti ili m'manja mwa Bellayo, koma akuwasiya kuti adutse. Ya 2012 ilibe kulemera kumeneku. Iyo inajambulidwa adani ali a ku China, kenako anasintha mbendera ndi zizindikiro pakompyuta kuti akhale a ku North Korea poopa kutaya msika.

Sindikubisa kuti filimuyi ili ndi mbali yokopa anthu pa ndale. Ikuonetsa Nicaragua ikulowerera America, pomwe m'zaka zomwezo America ndi imene inkathandiza zigawenga za Contra ku Nicaragua. Mwana woionera ayenera kuuzidwa zimenezi.

Tsono kaseti. Chuku chimaoneka pagalasi la kasetiyo ngati ufa woyera kapena timaulusi m'mphepete mwa tepi yokulungidwa. Chimabwera ndi chinyezi cha nyengo ya mvula, makamaka kaseti ikasungidwa m'katoni pansi kapena moyandikana ndi khoma. Kaseti yotere siyenera kulowa m'deki (makina oonetsera makaseti) yabwino, chifukwa chukucho chimamata mahedi, tizitsulo towerenga tepi, chithunzi n'kusanduka mchenga wokhawokha, komanso chimafalikira ku kaseti iliyonse yolowa pambuyo pake. Choyamba n'kuiumitsa: iikidwe m'chidebe chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, tija timabwera m'mabokosi a nsapato, kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Padzuwa ayi, pulasitiki imapindika. Chuku chouma chimachoka mosavuta, chonyowa chimangopakika.

Ikauma, amamasula masikuluwu 5 a kunsi, n'kutembenuza kasetiyo asanachotse chivindikiro, apo ayi timasipuling'i ndi timabuleki ta m'kati timagwa ndipo kutibwezera m'malo n'kovuta. Ntchitoyi ichitikire panja, munthu atavala chophimba pamphuno. Chikombolecho achipukute chonse. Tepi yeniyeniyo amaipukuta ikuyenda, pogwiritsa ntchito deki yakale yovundukula pamwamba, kansalu kosathothoka ulusi katagwira tepiyo mbali zonse ziwiri mopepuka, kuipititsa kutsogolo mpaka kumapeto n'kuibwezanso, kansaluko akukasuntha kakada. Mankhwala ake ndi isopropyl alcohol ya 99 peresenti, kadontho chabe. Sipiriti wofiirira uja wa m'magolosale sayenera, amasiya utoto ndi madzi. Mahedi a deki sapukutidwa ndi thonje chifukwa ulusi umakola. Amagwira kapepala koyera konyowetsa ndi alcohol yemweyo pang'oma yozungulira yomwe pali mahediwo, n'kuizunguza ndi chala pang'onopang'ono. Kupukuta chokweza ndi chotsitsa kumathyola mahedi, ndipo apa m'pofunika kusamala chifukwa kampani yomaliza kupanga madeki, Funai ya ku Japan, inasiya mu 2016. Lamba ndi kagudumu karabala kokoka tepi zikauma, deki imatafuna tepiyo, choncho amayamba ayesa ndi kaseti ina yopanda ntchito.

Kusamutsira pakompyuta kumafuna kachipangizo ka USB kolandira mawaya atatu aja: wachikasu wa chithunzi, woyera ndi wofiira a mawu. Yanga ndi ya PAL, mtundu womwe timagwiritsa ntchito kuno, ndiye pulogalamu iikidwe pa mizere 576 ndi zithunzi 25 pa sekondi. Ikanakhala yochokera ku America, ya NTSC, tizipangizo tambiri totchipa tikanatulutsa chithunzi chopanda mtundu kapena chogudubuzika. Pa PAL filimu imathamanga ndi 4 peresenti, motero mphindi 114 za Red Dawn zimatha pa mphindi pafupifupi 110. Palibe njira yachidule, tepi iyenera kuyenda yonse, ndipo magetsi akathima pakati umayambiranso, choncho pamafunika batire ndi inveta. Makaseti ena ogulitsa ali ndi chitetezo cha Macrovision, chomwe chimachititsa chithunzi kuwala ndi kuda mosinthana pokopera. Tepi yomwe inagwidwa chuku imakhala yofooka m'mphepete, ndipo nthawi iliyonse ikayenda imatha kuduka pamene yamatana. N'chifukwa chake sindikufuna kuyamba ntchito yonseyi ndisanadziwe kuti filimuyo idzaonedwa ndi ndani.

Apa ndiye pagona vuto langa, agogo. Alamu anga anabwera kuno ali mwana, kuthawa nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo ku Mozambique, yomwe inatha ndi pangano la ku Rome mu 1992. Anali mmodzi mwa anthu pafupifupi 1 miliyoni amene anathawira m'dziko muno, m'maboma monga Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza. Mawu awo ndi akuti mwana wonyamula mfuti anamuona ndi maso, ndipo sakufuna kuti ana awo amuombere m'manja pa sikirini. Akunena zoona, pa nkhondo imeneyo ana ankagwidwa n'kupatsidwa mfuti. Ine ndikuti filimuyi ikaonedwa mpaka kumapeto, munthu wamkulu ali pambali kufotokoza, imaonetsa zomwezo akunenazo: kuti Robert sanakhale ngwazi, anangouma mtima. Iwo akuti mwana wa zaka 11 sakumbukira mapeto, amakumbukira mfuti yokwezedwa m'mwamba ndi mfuu.

Pa msinkhu, mfundo yawo ili ndi mphamvu. Red Dawn ndiyo filimu yoyamba kutulutsidwa ku America ndi chizindikiro cha PG-13, mu August 1984, chochenjeza makolo a ana osakwana zaka 13. Muli kuphedwa kwa anthu wamba ataimikidwa pamzere m'mphepete mwa dzenje. Wamng'onoyo ndavomera kale kuti adikire. Koma wa zaka 15 uja amaonera zoopsa kuposa izi pafoni, zomasuliridwa m'Chichewa mwanthabwala, popanda womufotokozera kanthu. Achemwali anga sakufuna kulowererapo, akuti tikambirane tokha amunafe.

Ndine malume wa anawa, ndipo kwathu mawu a malume amamveka, koma sindikufuna kugwiritsa ntchito udindowu popondereza bambo pa ana ake, makamaka pa bala lotere. Kuwaonetsa mwamseri ndakana ndekha. Ndiye ndithandizeni. Kodi n'koyenera kuwapempha alamuwo kuti tiionere kaye awiriwiri, iwo atagwira rimoti kuti aimitse pamene afuna, kapena pempho lomwelo ndi kuwatosa pachilonda? Akavomera kuti aakulu awiriwo aione, ndiyambe ndawafotokozera anawo za nkhondo ya ku Mozambique ineyo, kapena nkhani imeneyo ndi ya bambo awo okha kuinena pa nthawi yawo? Nanga akakananso, nkhaniyi ndiitseke ndi mawu otani kuti asaganize kuti ndanyoza zomwe anadutsamo?

Ine wanu,
Malume odandaula, Zomba