Abusa, mavesi enawa mukuwadumphiranji?

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi azibusa athu. Masiku ano m'matchalitchi ambiri ulaliki ndi wa kubzala mbewu basi, akuti pereka ndalama udalitsike, chonsecho mayi amene wakhala naye benchi imodzi ana ake agona ndi njala ndipo palibe olo mmodzi womufunsa, zimandiwawa kwambiri. Yakobo 2:15-16 akunena poyera kuti kuuza m'bale wausiwa ndi wanjala kuti apite mumtendere osamupatsa kanthu n'kopanda phindu. Nanga bwanji vesi imeneyi sitikuimva paguwa?

Mutilalikirenso Miyambo 11:1 ya sikelo zachinyengo, chifukwa mavenda ena amene amabera alimi pogula soya ndi mtedza kumudzi kuno ndi akhristu anzathu omwe, Lamulungu timayimba nawo kwaya.

Wowerenga wanu,
Mchinji