Eni agalu, kukacha amangeni agalu anu

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za agalu osamangidwa amene akutisowetsa mtendere ife othamanga m'mamawa kuno ku Blantyre.

Lachiwiri lapitali cha m'ma 5 koloko, ndikutsetsereka msewu wina ku Chilomoni, agalu awiri anatulukira pageti losatseka n'kundilondola. Mmodzi anandigwira kabudula, mano ake n'kundikanda pamwendo. Mwini wake anali pakhonde, mswachi uli m'kamwa, akungoti, "Musaope achimwene, saluma ameneyo!" Pamenepo magazi anali atafika kale m'sokosi.

Eni agalu, ndikudziwa kuti ambiri mumamasula agalu usiku chifukwa cha akuba, ndipo sindikukutsutsani. Koma kukamacha amangeni kapena tsekani geti. Nthawi imeneyo mumsewu mumakhala ana asukulu, amayi opita kumsika ndi ife othamanga. Agaluwo abayitseninso katemera wa chiwewe chaka chilichonse. Bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu ulere mu Blantyre kuyambira 2015.

Othamanga anzanga, galu akakulondolani musawonjezere liwiro, pakuti iye amathamangitsa chimene chikuthawa. Imani njii, manja m'mbali, musamuyang'ane m'maso, kenako bwererani pang'onopang'ono. Akakulumani kapena kukukandani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro, pafupifupi aliyense amamwalira. Ine ndinabayidwa jekeseni woyamba tsiku lomwelo, ndipo ndikupitabe kukamaliza otsala.

Wothamanga wodandaula,
Chilomoni, Blantyre