Anyamata a m'Chigwa cha Shire akuimba za eni, zakwathu azisiyira yani?

Akonzi,

Ndiloleni danga ndiyankhulepo za nyimbo za hip-hop, zomwe akuluakulu anzanga kuno ku Bangula amangozitcha nyimbo za chamba. Loweruka lapitali ndinakaonera mdzukulu wanga akupikisana ndi anzake pabwalo, ndipo ndinabwerako wokhumudwa. Anyamata asanu ndi awiri anakwera pansanja, onse kuimba za magalimoto omwe sanawakwerepo, m'Chingerezi cha m'mphuno. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula mtsinje wa Shire, ngakhale unali kuyenda chapafupi pomwepo.

Ine nyimbozi ndinazidziwa mu 1990 ndili mphunzitsi wachinyamata. Msuweni wanga anabwera kuchokera ku Blantyre ndi makaseti atatu ojambulitsa, mayina atalembedwa pamanja. Wailesi inali ya MBC yokha, ndipo zoterezi simukanazimva pamenepo. Mabatire tinkayanika padzuwa kuti abwerere mphamvu, kaseti n'kumaibweza ndi cholembera.

Kaseti yoyamba inali The Message, chimbale cha 1982 cha Grandmaster Flash and the Furious Five. Nyimbo yomwe inapatsa chimbalechi dzina ndinaibwereza mpaka kulemba mawu ake m'kope. Melle Mel, woimba wa gululi, ndi mnzake akufotokoza za kwawo ku New York: magalasi osweka paliponse, makoswe m'nyumba, angongole osapatsa mtendere, ndi mwana wobadwira mu umphawi amene akukathera kundende. Ndinadabwa kumva kuti ku America kulinso anthu oiwalidwa. Nthawi imeneyo Nsanje inali itadzaza ndi abale athu othawa nkhondo ku Mozambique, msasa wa Mankhokwe uli thothotho, ndipo mwana wa m'kalasi mwanga ankatha kukomoka ndi njala ndili pakati pophunzitsa. Ndinamva ngati munthu uja akulankhula atakhala pakhonde langa.

Yachiwiri inali Paid in Full ya Eric B. ndi Rakim, ya 1987. Rakim sankakuwa. Ankayala mawu modekha ngati nkhalamba yoweruza mlandu pabwalo la mfumu, akugwirizanitsa mawu pakati pa mzere osati kumapeto kokha, ndipo oimba ambiri obwera pambuyo anaphunzira kwa iye. Mdzukulu wanga akuganiza kuti kukuwa ndiye luso.

Yachitatu ndiyo tinkaimvera motsitsa, chitseko chili chotseka: It Takes a Nation of Millions to Hold Us Back ya Public Enemy, ya 1988. Chuck D, mtsogoleri wa gululi, ankadzudzula boma, ndende ndi manyuzipepala a kwawo mosapsatira. Kwa ife a nthawi ya chipani chimodzi, pomwe munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi, kumva wina akulankhula choncho n'kukagona kunyumba kwake kunali chinthu chachilendo. Pomwe tinkaponya voti ya referendamu pa 14 Juni 1993, mawu a chimbale chimenechi anali m'mutu mwanga.

Sindikukana kuti zotukwana ndi zamfuti zinalimo kuyambira kale. Criminal Minded ya Boogie Down Productions, ya 1987, ili ndi mfuti pachikuto pomwe. Koma chaka chomwecho Scott La Rock wa gululi anawomberedwa n'kufa, ndipo pambuyo pake mnzake KRS-One anasonkhanitsa oimba anzake kuimba zoletsa kuphana. Akuluakulu anzanga mbali imeneyi saidziwa, chifukwa palibe amene anawauzapo.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi nkhani ya ng'oma. Nyimbozi zinabadwa mu 1973 ku Bronx, mumzinda wa New York, pomwe DJ Kool Herc, mnyamata wochokera ku Jamaica, ankatenga zimbale ziwiri zofanana n'kumabwereza kagawo ka ng'oma zokha kuti anthu avine nthawi yaitali. Anyamata aja analibe ndalama zogulira zida, choncho anafukula zimbale za makolo awo, za James Brown ndi ena, n'kumangapo chatsopano. Nanga ife? Tili ndi valimba, tili ndi ng'oma za utse ndi likhuba, koma ana athu akungotsitsa zoimbira za eni pa intaneti. Madala oimba valimba akutha mmodzimmodzi popanda wowajambula mawu.

Makaseti anga atatu aja anapita ndi madzi osefukira a Januwale 2015, pamodzi ndi mbuzi ndi mabuku anga onse. Anyamata omwe anali pansanja Loweruka anagonapo m'makalasi ndi m'matenti chaka chimenecho, anagonamonso nthawi ya namondwe Freddy mu 2023. Amadziwa mtengo wa bwato lowolokera ku Makhanga, amadziwa ng'ona, amadziwa thonje logulidwa motchipa ndi ganyu ya m'minda ya nzimbe. Melle Mel akanabadwira kuno sakanasowa choimba.

Pempho langa kwa a mawailesi, makamaka a m'madera mwathu muno, n'lakuti apatule ola limodzi pasabata aziika zimbale zakalezi ndi kumasulira m'Chichewa, m'Chisena ndi m'Chimang'anja zomwe zikunenedwamo. Mdzukulu wangayo ndamulipirira kale kabaza. Lachitatu tikupita limodzi kwa Tengani ndi foni yake, kukajambula gogo wina amene akadaimbabe valimba.

Mphunzitsi wopuma,
Bangula, Nsanje