Lipoti la msonkhano wa za chuku womwe munandituma

A wapampando ndi amayi anzanga nonse a gulu lathu logaya chiponde kuno ku Lunzu, ndabwerako ku tauni. Zokamba zinali zambiri masiku awiri onse, koma ndiyamba ndi chimene chandisowetsa tulo.

Mukudziwa mmene timachitira tikagula mtedza. Wabwino timasankhira chiponde chogulitsa, pomwe wofota, wosweka ndi wakuda uja timagawana kuti tikasinje nsinjiro kunyumba, poti ndalama sitaya. Mlangizi atafunsa kuti ndani amachita zimenezi, manja anakwera holo yonse, langa lomwe. Ndiye anatiuza kuti poizoni wa chuku, yemwe akatswiri amamutcha aflatoxin, amaunjikana mu mtedza wotsalira womwewo. Makasitomala timawateteza bwino ndithu, zoipitsitsazo n'kukathira m'phala la ana athu.

Poizoniyu amapangidwa ndi nkhungu yotchedwa Aspergillus flavus, yomwe imakhala m'nthaka. Imalowa mosavuta mbewu ikakumana ndi ng'amba pamene ikukhwima, makoko akabooledwa ndi chiswe kapena akasweka ndi khasu pokumba, komanso tikasunga mbewu yosauma. Ine ndinadzutsa dzanja n'kunena kuti ife timakazinga kaye tisanagaye. Anandiyankha kuti moto umapha nkhungu koma poizoni wambiri amatsala, ngakhale muphike kapena mukazinge. Ndipo si nthawi zonse pamene amaoneka kapena kuwawa pakamwa.

Amawononga chiwindi pang'onopang'ono mpaka khansa, makamaka kwa munthu amene ali kale ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, ndipo amatchulidwanso pa nkhani ya kupinimbira kwa ana. Akachuluka kwambiri amapha msanga: ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga cha chuku. Tisaganizenso zoponyera nkhuku kapena ng'ombe zotsalirazi. Ng'ombe ikadya gaga wa chuku, poizoni amatulukira mu mkaka.

Pamene panabuka mkangano ndi pa nkhani yowaza madzi. Ambiri amawaza mtedza madzi kuti makoko afewe, usasweke posenda, ndipo mavenda ena amatero kuti thumba lilemere pa sikelo. Mayi wina anati zala zimatupa ukamasenda wouma. N'zoona, tonse tikudziwa. Koma mtedza wonyowawo ukalowa m'thumba n'kugona masiku angapo, ndiye tayipatsa nkhungu nyumba ndi chakudya chomwe. Ine ndikuti kuyambira pano mtedza wofewa ukaluma, kapena wonunkha chinyezi, tiziusiya pamsika pomwepo ngakhale utchipe bwanji. Wouma bwino umalira m'makoko ukaugwedeza.

Kwa amene muli ndi minda, anatsindika zoumitsa. Osayanika pa dothi, koma pa mphasa, lona kapena thandala. Mtedza ukakumbidwa uziunjikidwa ndi masamba ake mwa njira ija ya mandela, yosiya mpata pakati kuti mphepo izidutsa. Ife a ku Blantyre kuno chiperoni chimatipeza mu Juni ndi Julayi zokolola zili panja, ndiye lona akhale pafupi. Za chimanga chomwe chinaola nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 sindikukumbutsani, munachiona nokha. Chimanga chiyenera kuuma mpaka chinyezi chitsike kufika pa 13 peresenti. Popanda makina, thirani chimanga ndi mchere wouma m'botolo lagalasi louma, tsekani, gwedezani, lisiyeni kanthawi. Mchere ukamatira m'mbali, chimangacho sichinaume. Matumba asagunde pansi kapena khoma, ndipo anankafumbwe athane nawo msanga chifukwa mabowo awo ndi khomo la nkhungu.

Anatchulanso Aflasafe wa bungwe lofufuza za ulimi la IITA, yemwe amamwaza m'munda masabata awiri kapena atatu mbewu isanachite maluwa. Ndi nkhungu ya mtundu womwewo koma yosapanga poizoni, imene imalanda malo a inzake ija. Izi n'za alimi otigulitsa kwambiri kuposa ife.

Za misika ndingonena mwachidule. Maiko a European Union salola mtedza wodya wokhala ndi poizoniyu wopitirira magawo 4 pa biliyoni imodzi. Ifenso tikafuna chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards kuti chiponde chathu chilowe m'mashopu akuluakulu, adzachiyeza chuku.

Pempho langa ndi loti Loweruka tikambirane za mtedza wotsalira uja. Ine maganizo anga ndi oti tizikumba dzenje n'kuukwirira pamaso pa tonse, wina asanyamule m'chitenje, ndipo ndalama yotayikayo tiiwerengere pa mtengo wa botolo. Ndikudziwa kuti ena mukana, bwerani ndi maganizo anu. Chenji cha thiransipoti ndi malisiti ndapereka kale kwa asungichuma.