Musanalipire, onani mapepala a botilo

Okondedwa bwenzi langa,

Ndalandira kalata yanu yondiuza kuti mwapeza boti logwirapo kale ntchito ndipo mtima wanu wakhazikika poligula. Ndikukupemphani kuti musapereke ndalama iliyonse musanaone mapepala otsimikizira kuti wogulitsayo ndiye mwini wake, chifukwa kusunga boti ndi makiyi ake si umboni wa umwini.

Yambani ndi chiphaso chosonyeza kuti botilo linalembedwa m'kaundula wa boma, ndipo dzina lolembedwa pamenepo lifanane ndi la pa chitupa cha wogulitsayo. Ngati akugulitsa m'malo mwa munthu wina, abweretse kalata yomupatsa mphamvu zimenezo. Ngati eni ake ndi awiri, onse asaine. Ndipo ngati mwini wake anamwalira, pafunika chikalata chosonyeza amene lamulo lamulola kuyang'anira chuma cha masiyecho.

Kenako pitani pomwe pali botilo, mapepala ali m'manja. Maboti ambiri opangidwa m'mafakitale ali ndi nambala yodindidwa pathupi pake, kawirikawiri kumbuyo, chakumtunda kwa mbali ya kumanja. Ku United States lamulo lakhala likufuna nambala imeneyi kuyambira 1972, ndipo imakhala ndi zilembo ndi manambala 12. Pukutani pamalopo, muwerenge chilembo chimodzichimodzi mukufananiza ndi zolembedwa, kenako mupapase ndi chala. Mukapeza kuti papalidwa, pamatidwa, kapena ndi pokhapo pamene pali penti yatsopano, musapitirize malondawo. Injini yopachika kumbuyo nayonso ili ndi nambala yakeyake pa kachitsulo kakang'ono, ndipo popeza injini zimabedwa pazokha, funsani lisiti yake padera.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ngongole. M'mayiko ambiri, boti likaikidwa ngati chikole, ngongoleyo imalitsatira ngakhale litasintha mwini, moti wobwereketsa akhoza kudzakulandani inuyo amene munalipira mokhulupirika, pomwe wogulitsa uja wasowa. Choncho kafunseni nokha ku ofesi yosunga kaundula ngati pali chikole cholembedwa, ndipo ngati chinalipo, wogulitsa akuonetseni kalata ya banki yotsimikizira kuti anamaliza kubweza. Boti lochokera kunja likhalenso ndi mapepala osonyeza kuti msonkho wake unaperekedwa.

Zonsezi zikalongosoka, lembani kalata ya mgwirizano yokhala ndi maina anu nonse, tsiku, mtengo, nambala za boti ndi injini, komanso mawu oti botilo lilibe ngongole. Musainirane pamaso pa mboni, aliyense asunge kope lake, ndipo musachedwe kukasinthitsa dzina m'kaundula. Wogulitsa woona mtima sangakane kupita nanu, popeza dzina lake likatsala pamenepo, botilo likadzachita ngozi woyamba kufunsidwa adzakhala iyeyo.

Munditumizire zithunzi za mapepalawo ndi za nambala zija kuti tionere limodzi tsiku lolipira lisanafike.

Ndine bwenzi lanu lokufunirani zabwino.