Tithandizeni Kumanga Tebulo la Tenisi Pokumbukira a Kochi

Kwa makolo, mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ndi inu nonse amene munaphunzira pasukulu yathu ya pulayimale kuno ku Chiradzulu, kaya muli ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Joni: ife a komiti ya sukulu tikukupatsani moni.

Ambiri mwamva kale kuti bambo athu aja tinkangowatchula kuti a Kochi anatisiya. Maliro tinaika, koma pali ntchito imene yatsala m'manja mwathu, ndipo patokha sitingaithe.

A Kochi sanali mphunzitsi wolembedwa ndi boma. Anali kalipentala, ndipo tenisi ya patebulo anaiphunzira m'tauni ali mnyamata. Atabwerera kumudzi anakhoma okha tebulo n'kuliika m'kalasi ya Sitandade 8. Zomenyera ankasema pa pulayiwudi, n'kumatapo labala wa chubu. Ukonde unali chidutswa cha neti yakale ya udzudzu. Kampira kakaphwatalala mbali imodzi, osabooka, sankakataya. Ankakaviika m'madzi otentha mpaka kafufumenso, ana ataunjikana kuonerera. Pa miyezo pokha sankanyengerera. Tebulo linali lotalika mamita 2.74, m'lifupi 1.525, kuchoka pansi masentimita 76, monga malamulo amanenera, kuti mwana wathu akapita kukapikisana kwina asakaone chachilendo. Malamulo atasintha mu 2001, kuti masewera azithera pa mapointi 11 m'malo mwa 21, anatsatira. Koma Loweruka ankalola ana kufika pa 21, kuti wotsalira naye apeze mpata wobweza.

Chimene amayi a m'mudzi muno sadzaiwala n'choti ankayenda khomo ndi khomo kupempha makolo kuti atsikana nawo azibwera kudzasewera akaweruka. Ena mwa inu mukuwerenganu mukudziwa kuti munapitiriza sukulu chifukwa cha tebulo lija.

Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, denga la kalasiyo linasasuka, mvula n'kukhamukira pa tebulo. Matabwa anafufuma, kenaka chiswe chinamaliza. A Kochi ankafuna kukhoma lina, koma thupi linali litayamba kukana.

Tinakambirana ndi banja lawo komanso a mfumu, ndipo tagwirizana zomanga tebulo la simenti pansi pa mitengo ya mango kuseri kwa ofesi ya ahedi. Ena anati lathabwa ndilo labwino kuseweretsa, ndipo sakunama. Koma lathabwa limafuna chipinda chokhoma, pamene makalasi ndi operewera kale. La simenti mwana aliyense adzalifikira, ngakhale pa holide, ndipo mvula ndi chiswe sizidzaliopsa.

Mchenga, miyala ndi madzi, anthu a m'mudzi alonjeza kututa okha. Mmisiri womanga wapezeka, wati salandira malipiro chifukwa naye anaphunzira kumenya kampira m'manja mwa malemuwa. Chimene tikusowa ndi simenti, zitsulo zolimbitsira, penti wobiriwira kapena wabuluu ndi woyera pang'ono wa mizere, ukonde weniweni, zomenyera, komanso timipira tija ta mamilimita 40, chifukwa timasweka msanga ndipo kuno kwathu sitipezeka m'magolosale. Ngati muli ndi zomenyera zakale zongokhala m'nyumba, musachite nazo manyazi, tumizani.

Tikufuna tebulo likhale litauma pofika pa 23 Epulo, tsiku lokumbukira masewerawa padziko lonse, kuti ana adzapikisane powakumbukira a Kochi, mayi a kunyumba kwawo ali mlendo wolemekezeka.

Thandizo lililonse lifikire kwa ahedi kapena kwa msungichuma wa komiti. Aliyense adzalandira lisiti, ndipo zonse zolowa ndi zotuluka tidzaziwerenga poyera pamsonkhano wa makolo. Amene muli kutali, tumani m'bale wanu wa kuno adzatione kusukulu tsiku lililonse la ntchito.

Ndife anu,
Komiti ya Sukulu